Funso Lachisanu la Keziah

1. Kalata ya ku koleji

M'chaka cha 1981 sopo anasowa mu Lusaka. Mafuta ophikira nawo anasowa, ndipo shuga ankaoneka lero, mawa osaoneka. Amene analipo akukumbukira mizere ya pa masitolo, yoyambira pakhomo mpaka kukakhota kuseri kwa mpanda. Ine ndinali m'tauni masiku amenewo. Nkhani ya Keziah Sakala ndinaimva kwa anthu atatu osiyana, ndipo ndalemba zokhazo zimene onse atatu anagwirizana.

Keziah anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Atamaliza Fomu 5 anapeza ntchito pa sukulu ina ya pulaimale ku Libala. Anali asanapite ku koleji ya aphunzitsi, choncho anali wogwirizira chabe, woti tsiku lililonse akhoza kuuzidwa kuti mwini malo wabwera. Ankakhala kwa makolo ake ku Kabwata, ndipo m'mawa uliwonse ankapita ku sukulu wapansi.

Anampatsa Giredi 2. Munali ana makumi anayi ndi asanu ndi atatu, anayi pa desiki imodzi. Maphunziro ambiri anali m'Chingerezi, ndipo ana ankangobwereza zimene mphunzitsi wanena, onse pamodzi, mokweza. Chinyanja chinali ndi nthawi yake katatu pa sabata. Buku lowerenga linali limodzi lokha, masamba ake omaliza atathothoka. Ana analiloweza kalekale. Keziah akatsegula tsamba loyamba, iwo amakhala atafika kale pa lachitatu.

Chimene Keziah ankafuna chinali chimodzi: malo ku koleji. Mafomu anali atadzaza kale. Chinatsala ndi kalata ya mkulu wa sukulu yomuchitira umboni, ndipo popanda kalatayo mafomu sankalandiridwa.

Mkulu wa sukuluyo anali a Abson Mvula, munthu wamtali, wosafulumira pa chilichonse. Keziah anawapeza mu ofesi Lolemba m'mawa.

"Mis Sakala," anatero a Mvula, "ine sindilembera munthu kalata ndisanamuone akugwira ntchito. Lachinayi muli ndi Chinyanja nthawi yanji?"

"Hafu pasiti naini, ba hedi."

"Ndibwera. Muwawerengere ana nkhani, kenaka muwafunse mafunso. Sindifuna kumva ana akuimba mayankho ngati ali m'kwaya. Ndifuna kumva ana akulankhula. Pulani ya phunziro lanu ikadutse kwa Mai Njobvu, aisaine."

Keziah anathokoza natuluka. Mafomu ankatsekedwa Lachiwiri la sabata yotsatira.

2. Mwala wa Febby

Pobwerera kunyumba masana amenewo, Keziah anadutsa pa sitolo ya boma. Chitseko chinali chotseka, koma panja panali mzere. Sunali mzere wa anthu ayi. Unali wa miyala, zitini, madengu ong'ambika ndi nsapato imodzi ya mphira. Mphekesera zinali zitamveka kuti mawa kubwera sopo, ndiye aliyense anasiya chinthu chomugwirira malo, iye n'kupita kukachita zina. Umu ndi mmene ankachitira anthu a m'tauni zaka zimenezo, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuti mwala wa pa mzere sausuntha.

Keziah anaima pang'ono kuyang'ana miyalayo. Atafika kunyumba anatenga kope ndi pensulo nakhala pansi pa mtengo wa mapapaya kuseri kwa nyumba. Anaganiza zosiya buku lothothoka lija ndi kulemba nkhani yake.

Nkhaniyo inali ya kamtsikana kotchedwa Febby. Amayi ake anamutuma kukaika mwala pa mzere wa sopo. Febby anasankha mwala woyera, naujambula nkhope ndi khala kuti asausokoneze ndi ya ena. Pobwera ndi amayi ake m'mawa, anapeza bambo wina wamimba yaikulu ataukankhira mu ngalande n'kuimapo iye. Febby ndi amayi ake anapita kumapeto kwa mzere. Atafika pakhomo, wogulitsa anati sopo watha. Madzulo amayi anachapa yunifolomu ya Febby ndi masamba a papaya.

Atamaliza kulemba, anayamba kuyeseza kuwerenga mokweza. Anaika kamtanda pamalo pamene adzaime kuti ana apume, ndi kamzere pansi pa mawu ofunika kukweza. Bambo wamimba anampatsa mawu aakulu a pakhosi. Febby anampatsa mawu aang'ono.

Amayi ake, a Beatrice, anali akuanula zovala pa waya. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Uyo wamimba namuziba," anatero. "Ni uja wa pa kona, wamene amakonza mawailesi."

"Si munthu weniweni, amama. Nangomupanga."

"Wamupanga bwanji munthu wamene ananichosela chitini changa sabata yatha? Uike na chipewa chake. Ana bazamuziba."

Keziah anaseka. Kenaka analemba mafunso asanu kumunsi kwa nkhaniyo.

Loyamba linali lakuti, mtsikana wa m'nkhaniyi dzina lake ndani? Lachiwiri, anaika chiyani pa mzere? Lachitatu, anachotsa mwala ndani? Lachinayi, amayi anachapira chiyani yunifolomu?

Pa lachisanu anakhala nthawi akutafuna pensulo. Anakumbukira mawu a mkulu wa sukulu, akuti afuna kumva ana akulankhula. Ndiye analemba kuti: Sopo akasowa m'sitolo amakhala atapita kuti? Kwanu amati chiyani?

Funso limeneli analikonda kuposa onse.

3. Cholembera chofiira

Mai Bernadette Njobvu anali mphunzitsi wamkulu woyang'anira makalasi a ana aang'ono. Kwawo kunali ku Katete, koma anali ataphunzitsa mu Lusaka kuyambira dziko lisanalandire ufulu. Pulani iliyonse ya Giredi 1 mpaka 4 inkadutsa m'manja mwawo. Anali ndi cholembera chofiira chimene ankachimangirira ndi chingwe m'khosi, chifukwa aphunzitsi anzawo ankabwereka osabweza.

Lachiwiri pa nthawi yopuma Keziah anawapatsa kope lake. Mai Njobvu anavala magalasi nawerenga nkhani yonse osalankhula.

"Walemba wekha?"

"Inde, amai."

"Yakoma. Ana aikonda, chifukwa mwala umenewu aliyense anaunyamulapo. Powerenga usathamange. Ukafika pamene Febby akuyang'ana mwala wake osaupeza, ima. Uwerenge mumtima mpaka zitatu. Asiye ana aufunefune okha."

Anatsika ku mafunso. Pa anayi oyamba anangogwedeza mutu. Atafika pa lachisanu anavula magalasi.

"Khala pansi, mwanawe."

Keziah anakhala.

"Mafunso ofunsa mwana alipo a mitundu itatu," anayamba Mai Njobvu. "Ku koleji akakuuza mayina ake a Chingerezi, koma ine ndikuuza mmene ndinawaonera. Pali funso limene yankho lake lili m'buku. Limeneli ndi lopepuka, limangoonetsa ngati mwana anali maso. Anayi akowa ndi otero. Pali funso limene yankho lake lili m'mutu mwa mwana. Limeneli ndiye ntchito yathu, chifukwa mwana amayenera kuganiza, ndipo ana awiri sangayankhe mofanana. Ndiye pali funso limene yankho lake lili kunyumba kwa mwana. Limenelo si lako. Sunapemphe chilolezo kwa eni nyumba.

"Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sadziwa kuti ichi n'chonenedwa pabwalo, ichi n'cha m'chipinda. Kwa iye zonse n'zoona basi. Ndipo mphunzitsi akafunsa, mwana amafuna kumkondweretsa. Amapereka chilichonse chimene ali nacho. Ukamufunsa za kwawo, wamutuma kukatenga katundu wa makolo ake kudzamwaza pamaso pa anzake makumi anayi, ndipo anzakewo madzulo akakafika kwawo akanena.

"Ine ndinalakwitsapo. Chaka changa chachiwiri pa ntchito ndinawerengera ana nkhani ya zakudya, kenaka ndinayamba kufunsa mmodzimmodzi kuti lero m'mawa wadya chiyani. Ndinkaona ngati ndi funso labwino, lakuti aliyense akhoza kuyankha. Ndinafika pa kamtsikana kena. Kanaimirira n'kunena kuti kadya buledi ndi mazira. Mnzake woyandikana naye nyumba anafuula kuti akunama, kwawo sanasonkhe moto masiku awiri. Kalasi yonse inaseka. Mwana uja sanalire. Anangokhala pansi. Mawa lake sanabwere, ndipo sanabwerenso. Ndinapita kwawo kawiri. Amayi ake anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma mwana sanamtulutse. Lero ndi mayi wamkulu, ndimakumana naye pa msika. Amandipatsa moni, ndipo sadziwa kulemba dzina lake.

"Imeneyo inali nthawi ya kale, ndipo chimene chinatuluka chinali manyazi chabe. Lero m'tauni muno nkhani ya sopo si nkhani ya ana. Anthu akumangidwa chifukwa cha sopo. Ena akuchotsedwa ntchito. Iwe sudziwa zimene zimakambidwa m'nyumba makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu zimenezi, ndipo sudziwa amene adzamve."

Keziah anali atamvetsera mwaulemu, koma sanakhutire.

"Koma amai, yankho lake aliyense akulidziwa. Ana adzati sopo amapita kunja kwa dziko ndi anthu ozembetsa katundu. Ndi zimene wailesi imanena tsiku lililonse. Palibe choopsa."

"Ngati ukudziwa kale chimene adzayankhe, ukufunsiranji?"

Keziah anayesa nthabwala.

"Paja amati safunsa anadya phula."

"Eya. Koma wofunsa mosaganiza anadyetsa mnzake phula." Mai Njobvu anakoka cholembera chofiira nadula funso lachisanu ndi mzere umodzi. Anasaina kumunsi. "Ndasaina anayiwa. Koma anayiwa sakukwanira. Ana adzawamaliza usanapume kawiri. Upite ukalembe lina m'malo mwa ili, la mtundu wachiwiri uja. Usawatulutse ana m'nkhani. Akhale momwemo ndi Febby. Ine sindikulembera, phunziro ndi lako. Ubwere nalo mawa ndilione."

4. Lachitatu

Lachitatu Keziah sanapite kwa Mai Njobvu.

Nthawi inalipo. Ana a m'mawa anaweruka ndi hafu pasiti leveni, ndipo Mai Njobvu anali m'kalasi mwawo akudula mapepala. Keziah anadutsa pakhomo pawo mofulumira, kope lili kukhwapa.

Mumtima anali atakwiya pang'ono. Nkhani anailemba yekha, ndipo funso limene analikonda ndi limene linadulidwa. Anadziuza kuti mafunso anayi akwana, akangowafunsa pang'onopang'ono.

Masana onse anawathera pa kuwerenga. Anabwereza nkhaniyo kasanu pansi pa mtengo uja, mpaka mawu a bambo wamimba anamukanda pakhosi. Anatola mwala woyera naujambula nkhope ndi khala kuti akaonetse ana. Anasita diresi lake la buluu. Pamalo pa funso lachisanu panatsala mzere wofiira, ndipo pansi pake panalibe kanthu.

Atate ake, a John Sakala, anali kalaliki ku njanji ndiponso mkulu wa mpingo. Atabwera ku ntchito anaona kope lili patebulo nalitsegula.

"Apa afufuta ndani?"

"Ba Njobvu. Anati ndiikepo lina."

"Ndiye chimene anakuuza kuti uikepo chili kuti?"

"Chili m'mutu, atate."

"M'mutu," anatero a Sakala, akutseka kope. "Ife ku ntchito sitima sitiiyendetsa ndi za m'mutu. Munthu akaimirira pamaso pa akuluakulu, m'mutu mumauma. Chimatsala ndi chimene chili papepala. Mayi amene uja anakuphunzitsa iwe Giredi 1. Akanena kuti lemba, lemba."

"Ndilemba, atate."

Sanalembe.

5. Hafu pasiti naini

Lachinayi a Mvula anafika pa nthawi yake, koma sanabwere okha. Anali ndi a Edmond Chalwe, wapampando wa komiti ya makolo, amenenso anali tcheyamani wa nthambi ya Chipani m'dera limenelo. A Chalwe anabwera kudzaona mawindo osweka, ndipo mkulu wa sukulu anawapempha kuti alowe aone mmene ana akuphunzirira. Anali munthu wodziwika. Ndiwo ankalongosola mizere pa sitolo anthu akayamba kukankhana, ndipo m'thumba la malaya ankayenda ndi kabuku.

Ana anaimirira napereka moni. Alendo anakhala kumbuyo pa mipando iwiri imene inabwerekedwa ku ofesi.

Keziah anakweza mwala uja m'mwamba.

"Ichi n'chiyani?"

"Mwala wa pa laini," anayankha ana angapo, ena akuseka nkhope ya khala ija.

Anayamba kuwerenga. Anawerenga bwino, ndipo onse atatu amene anandiuza nkhaniyi anagwirizana pa chimenechi. Atafika pamene Febby akufunafuna mwala wake, anaima. M'kalasi munati zii. Kamtsikana ka kutsogolo kanasuzumira pansi pa desiki ngati mwalawo uli pamenepo. Bambo wamimba atalankhula, ana anaseka mpaka ena kugwa pa benchi, ndipo a Chalwe nawo anaseka. Pofika pa masamba a papaya panalibe woseka.

Keziah anatseka kope nayamba mafunso.

"Mtsikana wa m'nkhaniyi dzina lake ndani?"

"Febby," inayankha kalasi yonse pamodzi.

"Mmodzimmodzi. Kwezani manja. Anaika chiyani pa mzere?"

"Mwala," anatero onse, manja ali m'mwamba.

Funso lachitatu ndi lachinayi anapita chimodzimodzi. Keziah anayang'ana wotchi ya pa mkono. Phunziro linali la mphindi makumi atatu, ndipo zinatsala khumi ndi ziwiri. Kumbuyo a Mvula anali atasiya kulemba. Anayang'ana wotchi yawo, kenaka anayang'ana pawindo. Ana anayamba kugwedezeka ndi kutsinana.

Keziah anafunafuna funso lina m'mutu. Sanapeze kanthu. Anatsegula kope. Mzere wofiira unali wopyapyala, ndipo mawu a pansi pake ankawerengeka bwinobwino.

Anayang'ana a Chalwe. Anayang'ananso a Mvula. Kenaka anafunsa.

"Tsopano ndiuzeni. Sopo akasowa m'sitolo amakhala atapita kuti? Kwanu amati chiyani?"

Ulendo uno ana sanayankhe pamodzi. Manja anakwera mmodzimmodzi. A Mvula anatenganso cholembera.

"Regina."

"Amama bakamba ati ipita ku boda na malole."

"Chabwino. Wina?"

Wina anati makina opangira sopo anawonongeka. Wina anati azimayi olemera a ku Kabulonga amagula yense chifukwa amasambitsa ndi agalu omwe. Apa a Chalwe anaseka kwambiri, ndipo ana anayamba kutsutsana, uyu akuti n'zoona, uyu akuti galu sasamba. Kalasi inali ikulankhula monga mmene mkulu wa sukulu anafunira.

Pamenepo Keziah anaona dzanja limene anali asanalionepo m'mwamba. Linali la Imelda Mwape, kamtsikana kamene kanabwera kuchokera ku Kitwe kumayambiriro kwa chaka. Tsiku lake loyamba anzake anamuseka chifukwa Chinyanja chake chinali chosakanikirana ndi Chibemba, ndipo kuyambira pamenepo sanalankhulenso m'kalasi. Keziah anali atayesa njira zambiri osaphula kanthu. Tsopano dzanja linali m'mwamba, lowongoka.

"Khalani chete nonse. Imelda, lankhula."

Imelda anaimirira. Maso ake anali ndi misozi, ndipo zinkaoneka kuti nkhani ya Febby yamukhudza.

"Ba ticha, Febby abwele kwatu. Ba tata bazamupasa."

"Adzampatsa chiyani, Imelda?"

"Sopo. Siinasile iyayi. Ili kwatu mu bafa, makatoni yatatu. Ba tata bamabwelesa kuchoka ku nchito. Febby asasebenzese mapapaya, yamayabwa."

Ana ena anaombera m'manja, poganiza kuti Febby wapulumuka. Regina anatembenuka nanena mokweza kuti atate a Imelda amagwira ntchito kosungira katundu pa sitolo ya boma.

Keziah anatseka kope.

"Zikomo, Imelda. Khala pansi. Febby ndi wa m'nkhani chabe. Tsopano tonse titenge makope tijambule mwala wa Febby."

Analankhula mofulumira, koma zinali zitachedwa. Kumbuyo a Chalwe sanali kusekanso. Anali atatulutsa kabuku kawo, ndipo anaweramira kwa a Mvula kufunsa kanthu. A Mvula anayankha osawayang'ana.

Belu linalira.

6. Mapepala awiri

Ana ataweruka, Keziah anapeza Mai Njobvu ataima pakhonde. Nkhani inali itawafika kale, chifukwa pa sukulu mawu sachedwa.

"Amai, ine..."

"Usandiuze ine. Ine ndinanena zanga Lachiwiri." Sanakweze mawu. "Akukufuna ku ofesi. Ukamve kaye, usayankhe msanga. Munthu akalakwa kamodzi amathamangira kukonza, ndipo pothamangapo ndi pamene amalakwa kachiwiri."

A Chalwe anali atapita. A Mvula anali okha, ndipo patebulo pawo panali mapepala awiri. Limodzi linali lotayipa. Linalo linali loyera, losalembedwa kanthu.

"Khalani, Mis Sakala."

Keziah anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Kuwerenga mumatha. Zaka zonse ndakhala pano sindinaone ana a Giredi 2 atakhala chete chonchija. Ndalemba zimenezo m'kalatamu." Anakankha pepala lotayipa kuti alione. Dzina lake linalipo, ndi mawu abwino ambiri. Kumunsi, posaina ndi podinda chidindo, panalibe kanthu. "Koma ndaona pulani yanu. Funso lija linadulidwa."

"Inde, ba hedi."

"Ndani anakuuzani kuti mulifunse?"

"Palibe."

A Mvula anapukuta magalasi awo.

"A Chalwe si munthu woipa. Mwezi watha mayi wina anakomoka pa mzere ali ndi mwana kumbuyo, ndipo amene anamunyamula ndi iwo. Akamva kuti wina akusunga makatoni m'bafa, sangangokhala. Koma sangapite kwa akuluakulu ndi mawu a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndiye akufuna lipoti lolembedwa ndi munthu wamkulu amene anafunsa funso ndi kumva yankho. Munthu ameneyo ndinu."

"Koma ba hedi, ndi mwana. Mwina makatoniwo ndi opanda kanthu. Mwina ndi a munthu wina."

"Mwina. Ine sindidziwa, inunso simudziwa. Zimenezo akafufuza ndi ena."

"Ndikalemba, a Mwape adzawatani?"

"Ntchito idzatha. Nyumba imene akukhala ndi ya kuntchito. Zina sindinganene."

"Ndikapanda kulemba?"

A Mvula anabweza pepala lotayipa naliika m'dirowa.

"Makalata onse opita ku koleji amadutsa ku komiti ya makolo ndisanadinde. Ndi lamulo la sukulu ino, ndipo silinayambe lero. Wapampando wa komiti mwamuona. Sindikukuopsezani, Mis Sakala. Ndikukuuzani mmene zinthu zilili, kuti musadzati sindinanene." Anamupatsa pepala loyera lija. "A Chalwe abwera Lolemba ndi eyiti koloko."

Keziah analandira pepalalo ndi manja awiri natuluka.

Bwalo la sukulu linali litayamba kudzaza ndi ana a masana. Pansi pa masitepe a ofesi panali Imelda, chikwama cha nsalu chili pamsana. Anzake onse anali atapita. Ataona mphunzitsi wake anaimirira nathamangira kwa iye, nkhope ili yowala.

"Ba ticha, nenze kumilindila."

"Bwanji sunapite kunyumba, Imelda?"

"Nifuna kumifunsa. Nayankha bwino?"

Keziah anapinda pepala lija pakati, nalipindanso kachiwiri.

"Unalankhula momveka," anatero.

Imelda anamugwira dzanja.

"Mawa munifunse futi. Niziba vinangu vambili."